Timasingano ta ku China ndi msana wa mlimi wa mpunga

Ku Lifuwu, nyengo yowokera mpunga ikafika, mankhwala amene amayenda malonda kwambiri m'maokala si a malungo kapena a chifuwa ayi. Ndi indosidi ndi bulufeni. Munthu amalawirira kudambo kusanache, nkuwerama m'matope mpaka dzuwa paliwombo, ndipo pobwerera amadzera pa okala kukagula timakapisozi tiwiri. Ena amamweratu m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kuti pofika m'munda msana ukhale utazizira kale. Kupalira kukafika ndi momwemo, kumweta ndi kupuntha chimodzimodzi. Asodzi a ku Senga Bay okoka makoka ndi kupalasa usiku wonse, anyamata a kabaza pa Kamuzu Road, amayi osenza madengu a usipa, mukapisa m'matumba mwawo simungalephere kupezamo kapepala ka mankhwala opha ululu.

Mankhwalawa amagwira ntchito, zimenezo sindikana. Vuto lake ndi lakuti si omwa tsiku ndi tsiku kwa zaka. Amaperesa chifu mpaka kuchita zilonda, nthawi zina zotaya magazi. Amafooketsa impso, makamaka kwa munthu wachikulire amene akugwira ntchito padzuwa la kuno ku Salima osamwa madzi okwanira, ndiponso amakweza bipi. Amayi anga, amene anapitirira zaka 60 ndipo alima mpunga chiyambire utsikana wawo, anamwa indosidi kwa nthawi yaitali chifukwa cha msana ndi bondo lakumanja. Kenako m'mimba munayamba kutentha, nsima osaimaliza, usiku nkumabzikula zowawasa. Nditapita nawo kuchipatala cha boma, adokotala anawafunsa zomwe amamwa, ndipo atangomva dzina la mankhwalawo anawauza kuti asiye tsiku lomwelo. Anawayeza magazi, shuga, bipi ndi mkodzo, nkuwajambula msana ndi bondo. Bondo analipeza ndi nyamakazi, ija yobwera chifukwa cha kutha kwa chichereŵechereŵe cha pamfundo. Msana sanaupeze ndi nthenda yoopsa iliyonse. Anawapatsa mankhwala a m'mimba ndi panado, nkuwatumiza kwa a mafizo.

M'mimba munachira, koma panado yekha msana sankaumva. Amayi anasiya kugona bwino. Akafuna kutembenuka pamphasa ankachita kubuula, ndipo podzuka ankayamba agwira khoma. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ina pafupi ndi boma, ndiye ndinawatenga kuti adzakhale kwanga masiku angapo, ndipo kubuulako ndinkakumva ndekha kuseri kwa chipupa. Chimene chinkandiopsa kwambiri ndi chakuti akangobwerera kumudzi, okala ali pafupi, ndipo palibe amene angawaletse kugula zimene akudziwa kuti zimawathandiza.

Achimwene anga amene amakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndiwo anabweretsa nkhani ya acupuncture. Mnzawo wa kuntchito anavutika ndi khosi kwa nthawi yaitali, ndipo anapezako bwino atapita kwa dokotala wina, Mmalawi mnzathu amene anakaphunzira ku China. Nditawafotokozera amayi kuti ndi chithandizo chobaya timasingano pathupi, anandiyang'ana nkunena kuti, “Iwe, ndiye mukufuna akanditemenso mphini? Kumsana kwangaku malo atsala pati?”

Funso lawolo linali lomveka. Kumsana kwa amayi kuli mizere ya mphini kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa, zina anawatemera agogo, zina asing'anga osiyanasiyana amene anapitako msana utayamba. Koma ziwirizi ndi zosiyana ndithu. Mphini amacheka khungu ndi lezala, magazi nkutuluka, kenako nkupakamo mankhwala, kawirikawiri mizu yootcha yosinja, ndipo chipsera chimatsala moyo wonse. Kasingano ka acupuncture kalibe mankhwala alionse. Kalibenso bowo pakati monga singano ya jakisoni, choncho sikalowetsa kanthu m'thupi ndipo sikatulutsa kanthu. Ndi kachitsulo kosachita dzimbiri, kopyapyala pafupifupi kota ya milimita imodzi, ndipo akakazula nthawi zambiri sipaoneka ngakhale kadontho ka magazi. Agogo athu amene ankatema mphini ankachita zimenezo mwachikondi, ndipo sindiwanyoza. Chimene ndimadana nacho ndi lezala imodzi kuzungulira banja lonse, zomwe zikuchitikabe m'midzi mwathu mpaka lero.

Tinadikira kuti mpunga ulowe m'nyumba, amayi nkupita kukakhala kwa achimwene. Tsiku loyamba ndinawaperekeza. Dokotalayo sanathamangire masingano. Anayamba wawerenga kabuku kawo ka kuchipatala tsamba ndi tsamba, nkuona zithunzi za msana zija, kenako nkuyamba mafunso: ululu umayambira pati, umatsikira m'mwendo kapena ayi, umakula m'mawa kapena madzulo, mkodzo ukuyenda bwanji, thupi latsika kapena lili momwemo, usiku amatuluka thukuta kapena ayi. Anawauza kuti atulutse lilime, nkuwagwira mtsempha wa pamkono mbali zonse ziwiri, monga amachitira a ku China. Amayi pambuyo pake anandiuza kuti chibadwire palibe anawafunsapo za msana wawo nthawi yaitali chomwecho.

Atawagoneka chafufumimba, anasamba m'manja, napukuta khungu ndi thonje la sipiriti, nkutsegula kapaketi komata ife tikuona. Kasingano kalikonse kanali m'kapaipi kapulasitiki. Amaika kapaipiko pakhungu, nkugogoda kamodzi ndi chala, kasingano kalowa, kapaipi nkuchotsa. Anabaya mbali zonse ziwiri za fupa la msana cha m'chiuno, m'matako, kuseri kwa mawondo onse awiri ndi pafupi ndi akakolo. Amayi anadabwa. “Adokotala, kukupwetekatu ndi kumsanaku, nanga kumwendoko mukutaniko?” Iwo anayankha kuti, “Amayi, malo a kuseri kwa bondowa a ku China akhala akuwagwiritsa ntchito pa msana kuyambira kalekale. Mukamva kulemera kapena dzanzi mundiuze.” Akapotokola kasingano pang'ono, amayi ankati akumva ngati chinthu cholemera chikuyenderera m'kati, osati kuwawa kwa jakisoni. Timasingano tingapo ta m'chiuno anatilumikiza ku kamakina kakang'ono ka mabatire kamene kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi, mnofu nkumagunda pang'onopang'ono. Anawasiya choncho kwa mphindi pafupifupi 30, ndipo amayi anagona tulo. Pomaliza timasingano tonse anatiponya m'kabokosi kotayiramo zobaya. Bondo la nyamakazi lija ankalibaya padera, amayi atagona chagada, m'timaenje tiwiri ta m'munsi mwa chivundikiro cha bondo ndi m'mbali mwake.

Mawu amene anandikhazika mtima pansi anabwera potsanzikana. Dokotalayo anati amayi azibwera kawiri pa sabata, ndipo ngati patatha masabata atatu kapena anayi sipakhala kusintha kulikonse, tisiye, tisataye ndalama, chifukwa si aliyense amene thupi lake limavomera. Anawonjezera kuti mafizo amene anawaphunzitsa kuchipatala asasiye, pakuti masingano amachepetsa ululu koma salimbitsa minofu.

Ndinene mosabisa zimene zinachitika, popeza nkhani zotere anthu timakonda kuzikometsera. Amayi sanachire. Nyamakazi ikadalipo, ndipo chichereŵechereŵe chimene chinatha sichingamerenso ndi singano. Chimene chinasintha ndi ichi: masabata oyamba atadutsa anayamba kugona mpaka m'mawa, podzuka pamphasa anasiya kugwira khoma, ndipo atabwerera kumudzi ankayenda okha kupita kutchalitchi osapumira panjira. Msana unasintha kwambiri kuposa bondo. Mvula itagwa, ntchito ya kudambo itayamba, ululu unabwereranso, koma osafika pomwe unali kale, ndipo panado anayamba kukwanira. Tinagwirizananso pabanja kuti kuwokera tizilemba aganyu, iwo aziyang'anira nazale ndi kuwinga mbalame. Ndiye sindingaloze chala kuti mwa zonsezi chathandiza ndi chiti chokha. Masingano, mafizo, kupuma mwezi wathunthu kwa mwana wawo, kuchepetsa kuwerama, zonse zinayendera limodzi. Chimene ndikudziwa ndi chakuti indosidi sanamwenso.

Popeza ndalama zinkatuluka m'matumba mwathu, ndinafuna kudziwa ngati tikulipira chinthu chenicheni, ndiye ndinakhalira kuwerenga pafoni usiku ndikamaliza kuchonga makope. Chithandizochi chakhalapo ku China kwa zaka zoposa 2,000. Eni ake amafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu ya moyo yotchedwa qi, kudzera m'njira zikuluzikulu 12, ndipo ikatsekeka penapake munthu amadwala, singano nkukhala yotsegula njirayo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasonkhanitsa akatswiri kuti agwirizane maina ndi malo obayapo, ndipo anagwirizana malo 361. Koma madokotala ong'amba thupi sanazipezepo njira za qi zimenezi. Chimene sayansi yapeza ndi china. Singano ikalowa imadzutsa mitsempha ya m'khungu ndi m'minofu, uthenga nkupita kumsana ndi kuubongo, ndipo thupi limatulutsa mankhwala akeake opha ululu otchedwa endorphin. M'chaka cha 1976 Bruce Pomeranz wa ku Toronto anaonetsa pa mbewa kuti ukazipatsa naloxone, mankhwala otsekereza mphamvu ya endorphin ndi ya morphine (mankhwala amphamvu opha ululu), masingano amasiya kuchepetsa ululu. Azungu chidwi chawo chinali chitakula zaka zochepa m'mbuyomo, mu 1971, pamene mtolankhani wa New York Times, James Reston, anachitidwa opaleshoni ya m'mimba yochotsa kathumbo kotchedwa appendix ku Beijing nkulemba mmene masingano anamuthandizira pa ululu wa pambuyo pa opaleshoniyo.

Kafukufuku amene anandiganizitsa kwambiri ndi wa ku Germany, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anatenga anthu 1,162 odwala msana, amene ululu wawo unali utatha zaka pafupifupi 8 tikatengera pakatikati, nkuwagawa patatu. Gulu loyamba analibaya motsata malamulo onse a ku China. Gulu lachiwiri analibaya mongoyerekeza, pamwamba chabe pa khungu ndiponso pamalo amene si ovomerezeka, eni ake osadziwa. Gulu lachitatu linalandira chithandizo cha masiku onse, mapiritsi, mafizo ndi masewera olimbitsa thupi. Patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse a gulu loyamba pafupifupi 48 anali atapezako bwino, a gulu lachiwiri 44, a gulu lachitatu 27.

Manambala amenewa onyoza acupuncture amawagwiritsa ntchito, oikonda nawonso amawagwiritsa ntchito. Onyoza amati taonani, 48 ndi 44 nzofanana, ndiye nkhani ya malo apadera obayapo ndi nthano chabe, chimene chikuchiritsa ndi chikhulupiriro cha wodwala. Oikonda amati taonani, magulu onse awiri obayidwa aposa kutali amene anamwa mapiritsi. Ine ndimaona kuti onsewo akunena zoona. Mbali ina ya phindu lake imachokeradi ku chiyembekezo, ku kugwiridwa ndi manja a munthu amene wakumvetsera, ndi kugona phee theka la ola. Komanso kubaya pamwamba pa khungu si kusachita kanthu, mitsempha imamva ndithu. Kwa mlimi amene chifu chake sichikulolanso bulufeni, tulo ta usiku wonse ndi tulo basi, kaya tadzera njira iti. Phunziro lina limene ndinatolapo ndi lakuti munthu akamakutchajani ndalama zambiri ponena kuti iye yekha ndiye akudziwa malo achinsinsi obayapo, musamumvere.

Pambuyo pake gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Andrew Vickers wa ku New York linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 39, wokhudza odwala 20,827, nkufalitsa mu 2018. Anapeza kuti pa ululu wokhalitsa wa msana, khosi, phewa, nyamakazi ndi mutu, kubaya kwenikweni kumaposa kongoyerekeza, ngakhale kusiyana kwake ndi kochepa, ndipo kumaposa kwambiri kusabayidwa konse. Anapezanso kuti phindu lake silithera pomwepo, lambiri limakhalapobe pakatha chaka. Maiko sagwirizanabe chimodzi. Ku Germany inshulansi ya boma imalipira masingano pa msana ndi nyamakazi ya bondo. Ku Britain bungwe lopereka malangizo kwa madokotala la NICE linakana acupuncture pa msana mu 2016, koma mu 2021 linailola pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka. WHO mu Disembala 2023 inatulutsa malangizo a msana wopweteka nthawi yaitali, vuto la msana limene inati linakhudza anthu 619 miliyoni mu 2020, ndipo inaika masingano m'gulu la zinthu zimene zingaperekedwe pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi ndi uphungu, ikuvomereza kuti umboni wake si wamphamvu kwambiri. M'malangizo omwewo inakana malamba omanga m'chiuno aja amene amagulitsidwa m'misika ngati mankhwala a msana.

Pa mutu waching'alang'ala umboni ulipo wabwinoko. Akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2016 anaunika kafukufuku 22 ndipo anapeza kuti mwa anthu 100 obayidwa, 41 masiku awo odwala mutu anatsika ndi theka kapena kuposa, pomwe mwa osabayidwa anali 17 okha. Poyerekeza ndi kubaya kongoyerekeza kuja, zinali 50 kwa 41. Apa masingano ndi opewera kuti mutu usamabwere pafupipafupi, osati oti mutu ukagwira lero uthamangire kukabayitsa.

Pali malo amodzi amene aliyense angawagwiritse ntchito popanda singano, ndipo ndi a nseru. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala zitatu za dzanja linalo mopingasa kuyambira pa mzere wa pamfundo ya dzanja, ndipo pamene chala chachitatu chathera, pakati pa mitsempha iwiri yolimba imene imatukuka mukafumbata, ndi pomwepo. Amawatcha P6. Mumasindikiza ndi chala chachikulu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako dzanja linalo. Umboni wake ndi wolimba kwa anthu amene amasanza akatsitsimuka ku opaleshoni, pomwe kwa amayi oyembekezera kafukufuku wina amavomereza, wina ayi. Alamu anga ali ndi pakati poyamba ankasindikiza pamenepa m'minibasi ya ku Lilongwe pokwera mapiri a msewu wa M14, ndipo ankati zimawapepukitsa. Sizilira ndalama ndipo sizivulaza. Koma mayi woyembekezera amene akusanza chilichonse, ngakhale madzi, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono apa mpamene ndikufuna tigwirane manja, chifukwa mpamene anthu akupwetekera. Chiyambire pamene dziko lathu linakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, magulu a madokotala a kumeneko akhala akubwera kudzagwira ntchito ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central, ndipo Amalawi ambiri apita kukaphunzira kumeneko. Zimenezo nzabwino. Koma pa dzina lomwelo la “mankhwala a ku China” pakweranso anthu ena amene sanapondepo m'kalasi ya zaumoyo. Amabwera pamsika kapena kubwereka holo, ali ndi laputopu ndi kachitsulo kofumbata m'manja, nkukuuzani kuti makina aona chiwindi, impso ndi magazi anu onse m'mphindi ziwiri. Mapeto ake ndi mabotolo okwera mtengo, ndipo ena amawonjezera zobayabaya kapena zomata m'makutu. Mayi wina wa kumpingo kwathu anauzidwa kuti asiye mapiritsi a bipi chifukwa akuti akumuwononga impso. Anasiyadi, ndipo tinakamuzonda atagonekedwa, mwamwayi ziwalo zisanafe.

Masingano sapha tizilombo ta malungo. Sachiza TB, salowa m'malo mwa ma ARV, satsitsa shuga moti nkusiya mankhwala, ndipo sachotsa khansa, ngakhale m'maiko ena amawagwiritsa ntchito pochepetsa nseru ya mankhwala a khansa. Pa nkhani ya kusabereka, imene imadyetsa mabanja athu ndalama zambiri ndi misozi, kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand wa mu 2018 anatsatira amayi 848 amene ankathandizidwa kutenga pakati kudzera mu IVF, njira yokumanitsa dzira la mayi ndi umuna kunja kwa thupi kenako nkuliika m'chiberekero. Obayidwa zenizeni ndi obayidwa mongoyerekeza anabereka mofanana, pafupifupi 18 mwa 100 mbali zonse. Pa kusiya fodya nakonso umboni wokhazikika palibe. Munthu wonena kuti singano yake imachiza zonse ndi wofunika kumuthawa, ngakhale atavala gauni loyera.

Ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chifukwa chapadera choyambira kuchipatala tisanaganize za masingano. Si msana uliwonse umene ndi wa khasu. TB imatha kugwira mafupa a msana, munthu nkumaonda, kutuluka thukuta usiku, pena mpaka kutukuka linunda. Likodzo, limene ambirife tinakula nalo posamba ndi kuchapa kunyanja ndi m'madambo a mpunga, mazira ake nthawi zina amakafika mu mtsempha waukulu wa msana, miyendo nkuyamba kufooka. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ikakula imapweteketsa m'chiuno, ndipo kwa abambo achikulire khansa ya prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, imathamangira kumafupa a msana. Msana wopweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda, dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kapena kutaya magazi kumaliseche mosayembekezera, umenewo si wa acupuncture. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi wokayezetsa malungo, wobwera ndi kuuma khosi ndi wothamanga nawo, ndipo wa mayi woyembekezera amene akutupa nkhope ndi mapazi ndi wa kusikelo msangamsanga. Choopsa cha mankhwala aliwonse opha ululu, kaya piritsi kaya singano, ndi chakuti amatha kuphimba nthenda imene ikukula. Amayi anga tinawatengera ku masingano atayezedwa kale zonsezi, ndipo dokotala uja akanapanda kufunsa za mkodzo ndi thukuta la usiku ndikanakayika naye.

M'manja mwa munthu wophunzira, acupuncture ngozi zake ndi zochepa: kakuda pang'ono pamalo obaya, kuwawa kwa tsiku limodzi, kapena chizungulire, makamaka ukapita ndi njala. Ngozi zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi singano yobwereza. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa sabata yathunthu, ndipo HIV tonse tikuidziwa. Kupukuta ndi sipiriti kapena kuviika m'madzi otentha sikokwanira. Paketi itsegulidwe inu mukuona, ndipo ngati simunaone, funsani, si mwano. Yachiwiri ndi kubaya mozama pachifuwa, m'mapewa kapena kumtunda kwa msana, kumene singano ingaboole chikuta cha mapapo. Okalamba athu ambiri ndi ochepa thupi, mnofu wa pamenepo ndi wopyapyala, ndiye wobaya ayenera kudziwa bwino mmene thupi lilili m'kati. Munthu akayamba kubanika kapena kumva kulasa pachifuwa atangochoka kobayitsa, apite kuchipatala osadikira kuti kuche. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, amene ali ndi pakati, ndi amene anaikidwa kabatire ka mtima, anene asanagone pabedi. Ndipo muli ndi ufulu wofunsa kumene munthuyo anaphunzira ndi pepala lake la ku Medical Council of Malawi. Wophunzira zenizeni sakwiya ndi funso limenelo.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti amayi anga anathandizika chifukwa ali ndi mwana ku Area 25. Kuchoka pa boma la Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka ayambe wafika kaye pa boma. Chithandizo chofuna kubwera kawiri pa sabata kwa mwezi kapena kuposerapo sichingatheke kwa munthu woyendera minibasi, ngakhale mpunga atakolola wochuluka bwanji. Anzawo a amayi amene amawokera nawo limodzi amawafunsa za timasingano tija, ena mpaka kundiimbira foni, ndipo ndilibe kowalozera pafupi.

Komatu zipangizo zake si zovuta. Timasingano timeneti sitifuna filiji, sitifuna magetsi a ESCOM, ndipo katoni imodzi imakhala ndi tambirimbiri. Chosowa ndi manja ophunzitsidwa ndi nthawi. Ku Britain ndi maiko ena, a mafizo amachita maphunziro owonjezera a kubaya masingano pa ululu wa minofu ndi mfundo, nkumaphatikiza ndi ntchito yawo ya masiku onse. Anthu amenewa thupi amalidziwa kale, amadziwa pamene pali mapapo, ndipo amadziwa msana woyenera kuubweza kwa dokotala. Ndikudziwa kuti a mafizo m'zipatala zathu ndi ochepa ndipo mizere ndi yaitali, moti kugoneka munthu mmodzi pabedi theka la ola si chinthu chapafupi. Koma bondo silifuna bedi. Kumaiko komweko odwala nyamakazi ya mawondo ena amathandizidwa pagulu, atakhala pamipando m'chipinda chimodzi, namwino mmodzi nkumazungulira, kubaya uyu, kupita kwa winayo, pofika kwa womaliza nthawi yozula woyamba yakwana. M'zipatala zathu tili kale ndi masiku a anthu a shuga ndi bipi, ndipo ambiri mwa okhala pamabenchi amenewo ndi omwewonso amene mawondo ndi misana ikuwasautsa, amenenso bulufeni ndi woopsa kwambiri kwa iwo. Ndikanakonda akuluakulu a zaumoyo m'boma lathu atayesa tsiku limodzi pa sabata la ululu wokhalitsa, loyamba ndi kuyeza, kenako mafizo a pagulu, ndi masingano kwa amene akuyenera, nkumalemba m'kaundula amene asintha ndi amene sanasinthe, kuti pakatha chaka tidzakhale ndi manambala athuathu a ku Salima.